Awa si matimati a amayi

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo, alamu ndi ana. Za amayi ndikufunsanso, ngakhale yankho lanu ndikulidziwa kale: ali bwino, angotopa pang'ono. Yankho limenelo mwalivala nthawi yaitali, achimwene, layamba kung'ambika m'zigongono. Ine ndili moyo. Msana umandiwawa, manja akhakhala ngati a woumba njerwa, koma ndimadzuka ndekha ndipo palibe amene amandidyetsa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pa foni mumandidula. Ndikangoyandikira funso lenileni, netiweki imathawa, kapena batire latha, kapena mwana wagwa pakhonde. Pepala lilibe batire. Muwerenge nokha mpaka pansi. Musawapatse alamu kuti akuwerengereni, chifukwa adzadumpha mizere imene ikuwakhudza.

Ntchito ndikadali pa nazale ija yogulitsa mbande ndi maluwa. Tsiku lonse ndimakhala m'nyumba ya pulasitiki, yotentha ngati m'khwapa, ndikuzula timbande m'mathireyi n'kumatiika m'timiphika. Abwana anamva kwa wina kuti ndinapitako ku yunivesite osamaliza, ndiye nawonso ayamba kunditcha Profesa, monga mumachitira kwathuko ndikatembenuka. Akafuna kuseka amandiitana pamaso pa makasitomala kuti Profesa adzafotokoze chifukwa chimene duwa lafotera. Ndimafotokoza, kasitomala n'kuthokoza abwana. Amene anawauza za yunivesite sindinamudziwebe, koma ndikumufufuza.

Chipinda ndi chomwe chija. Mpopi umadontha, ndipo eni nyumba akuti vuto ndi ine, ndimautseka mwaukali. Woyandikana naye wagula wailesi yatsopano, akuganiza kuti tonse tinaipempha. Zenera langa limalandira dzuwa m'mawa mokha, nyumba yosanja ya kutsogolo isanalitchinge. Zenera limeneli mulikumbukire, ndibwererako.

Tsopano nkhani ya matimati, ndipo musapumire m'mwamba ngati kuti ndayamba zachibwana. Werenganibe.

Kuseri kwa njanji kuli malo amene anawadula timinda ting'onoting'ono, tothithikana ngati mabedi a m'chipatala, ta anthu okhala m'nyumba zopanda bwalo. Ine ndili nako kanga. Ambiri kumeneko ndi okalamba opuma pa ntchito, ndipo matenda awo ndi amodzi, matimati. Sindikunena ofiira a pamsika aja, olimba ngati mpira, amene mungagendere galu osaphwanyika. Iwo amalima a makolo, amene mbewu yake imasungidwa m'mabanja, ndipo amene amawalemekeza kuposa onse ndi apinki a masamba a mbatatesi. Tsiku loyamba kuwaona ndinaima ngati ndakumana ndi munthu wakwathu pa siteshoni. Ndinkayesa kuti matimati otere amapezeka kuseri kwa nyumba ya amayi kokha.

Mwina inu simunawayang'anitsitsepo, popeza nthawi imene ine ndinkanyamula kheni yothirira inu munali ku mpira. Ndikuuzeni. Matimati wamba masamba ake ndi ong'ambikang'ambika, a manomano ngati macheka. A amayi masamba ake ndi aakulu, osalala m'mbali, ofanana ndi a mbatatesi moti mlendo akhoza kukumba pansi kufuna chakudya. Chipatso chake si chofiira, n'chapinki, chachikopa chopyapyala, mapewa otukuka ndipo nthawi zina ong'aluka. M'maso n'chosakongola, paulendo chimaphwanyika, n'chifukwa chake pamsika simungachipeze.

Aliyense kuno ali ndi mtundu wake umene amaulumbirira. Mitunduyi amaitcha mayina a anthu amene anaisunga, ndipo onsewo anamwalira kalekale: uwu ndi wa agogo a uje, uwo ndi wa azakhali a uje. Atelala, bambo wokalamba amene kamunda kake kagundana ndi kanga, ali ndi mtundu waukulu ngati chibakera cha munthu wonenepa. Umabereka zipatso zowerengeka, ngati ukuchita kukumvera chisoni, koma n'zotsekemera, sindinganame. Anamwino, mayi wina wopuma pa ntchito ya chipatala, awo amabereka mpaka nthambi kuthyoka, mnofu wofewa ngati peyala lakupsa, koma kwa ine amakoma madzimadzi. Ndinawauza, ndipo sanandipatse moni mwezi wathunthu. Palinso bambo wina wa mtundu wowawasa, amene amati agogo ake anabwera nawo atausokerera mumpendero wa diresi pothawa nkhondo. Nkhaniyo imakoma kuposa matimati ake.

Anthu amenewa akakumana pa mpopi, mungaganize kuti ndi mlandu wa malo. Atelala amati a anamwino ndi chakudya cha odwala opanda mano. Anamwino amayankha kuti munthu wokolola zipatso zitatu pa chaka asamalankhule pagulu, azingosoka mabatani. Kenako amabwerekana khasu ngati palibe chachitika.

Nyengo ikamatha amayala chitseko chakale pa migolo iwiri, aliyense n'kubweretsa zake, mpeni ndi mchere, n'kumalawa atakwinya nkhope ngati oweruza. Chaka choyamba ndinangoonerera. Chaka chotsatira ndinabwera ndi matimati a amayi. Kukoma kwake inu mukukudziwa ngakhale tsamba simulidziwa: amayamba ndi kutsekemera, kuwawasa kumafika pambuyo mwaulemu, ndipo fungo limakuperekeza mpaka kunyumba. Atelala anatafuna atatsinzina, kenako anandifunsa kuti mwanawe, mtundu umenewu dzina lake ndani. Ndinawayankha kuti dzina lake linatsala kwathu, silikwera basi. Zoona zake n'zakuti alibe dzina, amayi amangoti anga aja, koma zimenezo sindikanawauza anthu amene matimati awo ali ndi mayina aatali ngati a maloya.

Kuyambira tsiku limenelo, kuseri kwa njanji ndi malo okhawo m'tauni muno kumene anthu amaimirira ndikafika. Kumeneko palibe amene amafunsa za pepala la sukulu.

Mbewu anandipempha onse, ndinawakana onse. Popita kokalawitsa ndimadulira kunyumba, n'kuchotsa njere iliyonse ndi nsonga ya mpeni. Chaka chatha ndinawagwira atelala akupukuta mbale yanga ndi kampango kawo, n'kukapinda bwinobwino kuika m'thumba la malaya. Ndinawafunsa ngati ayamba ganyu yotsuka mbale. Iwo ati kampangoko kanagwera kokha m'mbalemo. Munthu wa ndevu zoyera! Ndinawalanda, ndinakawabwezera nditakachapa ndi madzi owira.

Mbewu ya m'kamunda kanga sindisunga. Timinda tathithikana, njuchi sizidziwa malire, zimachoka pa duwa la anamwino kubwera pa langa, ndipo mwana wobadwa choncho bambo ake sadziwika. N'chifukwa chake chaka chilichonse amayi amanditumizira yatsopano, ya pa khoma lija la kuseri kwa khitchini, pamene sabzalapo matimati ena alionse. Mukudziwa mmene amachitira, kapena simukudziwa. Amasankha chipatso cha pa tsango loyamba, amachisiya chipse mpaka chifewe, amafinyira m'kapu n'kusiya mpaka pamwamba pachite nkhungu. Kenako amatsuka, amayanika pa mbale yachitsulo pamthunzi, amawaza phulusa pang'ono, n'kumanga pa kansalu ndi mfundo yawo ija yokana zala, yofuna mano. Njere zimafika zoyera, zaubweya, iliyonse payokha.

Tsopano tamvani zimene zinafika chaka chino.

Adalaivala a thiraki aja amene amatinyamulira katundu anafika pa nazale masana. Munthu ameneyu sanakanepo tiyi chibadwire, ndipo akakhala pansi amandiuza za aliyense kwathuko, mpaka amene wagula njinga ndi amene mkazi wamuthawa. Tsiku limeneli anaima pa geti injini ikulira, n'kundipatsa phukusi la mbewu. Nditafunsa za amayi anayang'ana matayala, n'kunena kuti phukusilo anawapatsa ndi alamu pamsewu, kunyumba sanafike. Nditafunsanso ati akuchedwa ku sikelo yoyezera mathiraki. Ananyamuka ngati thirakiyo ndi yakuba.

Phukusilo silinali kansalu. Kanali kajumbo kakang'ono kotseka pakamwa, kaja amaikamo mapilisi ku chipatala, pepala lake atalimatula. Njere zinali zomatana ndi mnofu wouma, zina zitakakamira pa chidutswa cha nyuzipepala. Phulusa munalibe. Ndinadziuza kuti mwina amayi anali pa changu, ngakhale tonse tikudziwa kuti amayi sanachitepo changu, ngakhale tsiku limene mvula inalowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Ndinafesa.

Timasamba tiwiri toyamba sitinena kanthu, pa matimati onse timafanana ngati makanda. Ndinadikira masamba enieni. Atatuluka, achimwene, onse a manomano. Thireyi yonse, kuchokera ngodya iyi mpaka iyo. Losalala ngakhale limodzi ayi.

Zaka zimene ndinakhala ku yunivesite sizinandipatse pepala, ndipo nkhani imeneyo sindikuitsegula, koma chimodzi ndinatuluka nacho. Tsamba la mbatatesi likakhala mwa mayi ndi mwa bambo, ana onse amatuluka nalo, sizisintha. Likatuluka la manomano ndiye kuti pena palowa mlendo. Njuchi ikhoza kulowetsa mlendo pa njere ziwiri zitatu, osati thireyi yonse. Choncho musadzandiuze za njuchi. Izi ndi njere za matimati a pamsika, zimene munthu wina anafinyira pa nyuzipepala mothamanga, akuti njere ndi njere, Profesa adziwa bwanji.

Munthu ameneyo si amayi. Amayi akhoza kusokoneza mayina a adzukulu, akhoza kuthira mchere kawiri, koma sangatenge tomato wofiira wa pamsika n'kunena kuti ndi wawo. Angalolere kunditumizira kansalu kopanda kanthu.

Nditaona masambawo ndinakhala pa ndowa yozondotsa, n'kuyamba kukumbukira zimene mwakhala mukundiuza. Miyezi yapitayo munandiuza pa foni, monyadira, kuti alamu akonza kuseri kwa nyumba, azula mbatatesi zimene zinangomera zokha m'mbali mwa khoma, zachabechabe, akumba pansi osapeza ngakhale imodzi. Tsiku limenelo ndinaseka nanu, chitsiru ine. Achimwene, amayi sanabzalepo mbatatesi pa khoma limenelo. Chimene alamu anazula ndi matimati a amayi asanachite maluwa.

Za tsambalo alamu sindikuwaimba mlandu. Kwawo matimati amamera m'jumbo. Aliyense wosadziwa akhoza kulakwa choncho. Ngakhale abwana anga, amene amadya ndi zomera, anandifunsapo chifukwa chimene ndamangirira mbatatesi ku timitengo. Funso langa ndi lina. Kodi amayi anali kuti pamene khasu linkalowa pa khoma lawo? Mayi amene anandikoka khutu mpaka kutentha chifukwa chothyola nthambi imodzi. Mayi amene amamva nkhuku ikulowa m'dimba ali m'tulo. Munthu akuzula dimba lawo lonse, iwo ali chete? Ali m'nyumba momwemo, angotopa pang'ono?

Ndikaimba m'mawa, akugona. Ndikaimba masana, apita kwa anzawo. Madzulo ali ku mapemphero. Amayi asanduka nduna, sapezeka. Mawu awo ndinawamva komaliza kusanayambe kuzizira, ndipo ngakhale pamenepo anangoti eya, eya, foni n'kubwerera kwa inu. Kenako munandiuza kuti mwapenta chipinda chawo. Amayi fungo la penti limawadwalitsa mutu, anakana kupenta chipindacho moyo wawo wonse. Ankagona kuti pamene pentiyo ankauma?

Chithunzi chimene munanditumizira mwezi watha, amayi atakhala pampando panja akumwetulira, n'chokongola, zikomo. Kumbuyo kwawo kukuoneka mtengo wa gwafa umene inu nomwe munandiuza kuti munaudula chaka chatha poika thanki ya madzi. Kapena waphukanso, n'kufika msinkhu womwewo, ndi chingwe choyanikira zovala chomwecho? Chikomekome cha mkuyu, achimwene. Ngati mwasankha kunama, muziyang'ana ndi kumbuyo komwe.

Ndinaimbira azakhali. Anayamba kundiuza za bondo lawo, kenako analira, kenako ati ndi chimfine.

Ku timinda nawonso aona kuti kamunda kanga n'kopanda kanthu pamene anzanga onse aokera kale. Atelala anasuzumira pa mpanda n'kufunsa ngati chaka chino mfumukazi yawamvera chisoni osauka kuti nawonso apambaneko. Anamwino ndi amene ndinawaonetsa kajumbo kaja, ndikuganiza kuti mwina adziwa mankhwala amene munali. Anakatembenuza uku ndi uku, ati timajumbo totere timanyamula chilichonse, kuyambira a mutu mpaka a mtima, sikangandiuze kanthu. Kenako anandifunsa kuti mawu a amayi ndinawamva liti. Ndinawauza. Anangondigwira dzanja, munthu amene ndinamunyozera matimati ake pagulu. Kugwira kumeneko sindinakukonde. Ndi mmene amagwirira anthu pa khomo la wodi ku chipatala.

Ndikudziwa zimene mwagwirizana. Mwakhala pansi n'kunena kuti uja musamuuze, ali kutali, angovutika mtima, ndiponso pakamwa pake mukupadziwa, akabwera adzatitha tonse. Mwinanso mwati sangabwere n'komwe, analumbira pa geti kuti sadzapondanso pakhomo pano wopanda pepala m'manja. Ndinalumbiradi, ndipo amene anandilumbiritsa mukuwadziwa, ena mwa iwo amadya nanu Lamlungu. Koma lumbirolo ndinalumbirira inu oseka, osati amayi. Tsiku lonyamuka amayi sanatchule za sukulu. Anangondiika kansalu koyamba m'thumba la jekete, ati ndikafika ndikabzale, munthu wokhala ndi choti athirire amadzuka m'mawa.

Kodi ali m'chipatala? Kodi anagwa, mbali imodzi n'kufa? Kodi ndi maso? Kapena ndi china chija chimene dzanja langa likukana kulemba? Ine ndine mwana wawo, si woyandikana nawo nyumba woti muzimusankhira zoti amve.

Ndinati mukumbukire zenera. Mbande za manomano zija ndinazitaya pa mulu wa manyowa. Nditafika kunyumba ndinatulutsa tinsalu tonse ta amayi ta zaka zam'mbuyo, timene ndimasunga m'chitini cha tiyi. Ndinatikutumulira pa pepala loyera, kamodzikamodzi, n'kumafufuza m'makwinya a mfundo ndi singano. Mumpendero wa kena munatsalira njere zowerengeka, zakale, zoderako. Ndinazinyika m'madzi ofunda, n'kuzifesa m'kapu yothyoka chogwirira, pa zenera lija. Zambiri zinagona osadzuka. Kamodzi kanamera, mochedwa, kopindika khosi. Sabata yatha katulutsa tsamba lenileni. Ndi losalala, achimwene.

Ngati alamu anazula zonse, ndipo ngati m'nyumbamo mulibe kansalu kena, ndiye kuti matimati a amayi onse pa dziko lapansi ndi kameneka, ka m'kapu yothyoka. M'mawa uliwonse ndakhala ndikukatembenuza kuti kasapendekere ku dzuwa. Ndili ku ntchito maganizo amakhala pa mphaka wa eni nyumba, amene ndakhala ndikumukayikira kuyambira tsiku limene ndinalowa m'nyumba muno.

Ulendo sikangaupirire. M'thiraki mumatentha, msewu ndi wautali, ndipo a pa chipata cha m'malire amataya chomera chilichonse chokhala ndi dothi. M'chipinda chotseka sikangakhalenso kokha. Ndinavutika nazo: ndikhale kuno ndikalere mpaka kabereke, ndikolole mbewu, kapena ndinyamuke. Kubereka ndi miyezi. Ngati miyeziyo ilipo kumeneko sindikudziwa, chifukwa simundiuza.

Dzulo ndinakanyamula m'manja mpaka kuseri kwa njanji, ndinakapereka kwa atelala. Inde, omwe aja a kampango. Pa onse ndi okhawo amene ndikudziwa kuti sangalole kuti kafe, chifukwa akhala akukasirira ngati mkazi wa mnzawo. Anapukuta manja pa thalauza kawiri asanalandire. Anandifunsa kuti mwanawe, wadwala kapena wapenga. Ndinawauza kuti akabzale kutali ndi zibakera zawo zija, maluwa oyamba awasokere timatumba ta neti kuti njuchi zisafike, ntchito ya singano ndi yawo, ndipo chipatso cha pa tsango loyamba ndi changa. Analumbira pa makina awo osokera. Ndinawauza kuti ndikudziwa adzaba njere. Iwo ati adzabadi, koma pang'ono. Yankho limenelo ndi loona loyamba limene ndamva kwa munthu miyezi yonseyi.

Kenako anatulutsa kamtengo ndi cholembera, ati chomera sichikhala chopanda dzina, tingolembapo dzina la amayi anga monga amachitira onse. Ndinawalanda cholemberacho. Kuno matimati amatchedwa mayina a anthu akufa. Ndinawauza kuti kamtengoko kakhale kopanda kanthu mpaka nditabwera.

Abwana ndawauza kuti ndichokapo. Ati malo sadikira munthu, ngakhale Profesa. Ndati ndamva.

Kalatayi ikubwera ndi adalaivala ulendo uno. Ine ndibwera nawo ulendo wotsatira. Ndawauza kale, anangoti chabwino, akuyang'ananso matayala. Ndikubwera wopanda pepala. Amene akufuna kuseka atsukiretu mano.

Pempho langa ndi limodzi. Mudzandichingamire pamsewu inuyo nokha, osati alamu, osati ana, osati azakhali ndi chimfine chawo. Ndikatsika musandilandire chikwama, musandifunse za ulendo. Mundiuze pomwepo, ndi pakamwa panu, tisanayambe kuyenda, kumene tikupita: kunyumba, ku chipatala, kapena kwina. Ndinu wamkulu, ntchito imeneyo ndi yanu. Ndipirira chilichonse, koma ndisakamve kwa wogulitsa pa golosale akundipepesa ndisanafike n'komwe pakhomo.

Ichi si pempho, ndi chenjezo: pa khoma paja pasafikenso khasu. Zipatso zakhala zikugwera pamenepo zaka zambiri, mvula ikagwa china chikhoza kumera. Alamu akaona mbatatesi, azipatse moni n'kudutsa.

Ngati ndalakwa, ngati amayi alidi bwino ndipo zonsezi ndi misala ya munthu wokhala yekha ndi mpopi wodontha, ndidzagwada pabwalo pamaso pa alamu n'kupepesa. Mudzaitane oyandikana nawo adzaonerere, chifukwa sizidzachitikanso. Ndikupemphera kuti ndidzagwade.

Mupereke moni kwa alamu; za tsamba ndawakhululukira, za nyuzipepala tidzakambirana. Moni kwa azakhali ndi bondo lawo, kwa amalume, ndi kwa ana onse. Wamkuluyo mumuuze alimbikire sukulu, asatengere ine azakhali ake. Kwa amayi, ngati akumva, muwanong'oneze kuti anga aja kamodzi kamera, tsamba lake ndi losalala. Adziwa.

Ndine mlongo wanu,
Profesa wanu uja wopanda pepala